Dothi la ku Madagasika M'nsalu ya Apongozi

Nkhondo yonse ija ndinavulala kamodzi kokha, ndipo amene anandivulaza sanali mdani. Linali dothi. Adzukulu anga akaona mmene ndimatsimphinira amauza anzawo kuti agogo analasidwa ndi chipolopolo kutsidya la nyanja, ine ndimangokhosomola n'kuyang'ana kumbali. Koma amene ankadziwa zoona onse anatsogola, ndatsala ndekha kuno ku Kapata, ndiye bola ndinene ndekha ndisanawatsatire.

Kwathu ndi kufupi ndi Mwami, njira yolowera ku Nyasalande. Masiku amenewo Chipata ankatchedwa Foti Jemusoni, ife tinkangoti ku Boma. Ndinali mnyamata wa miyendo italiitali, wodziwa kulima mtedza ndi kuimba m'tchalitchi, basi. Ndinafunsira mbeta m'mudzi woyandikana ndi wathu, mtsikana dzina lake Nasitaziya, ndipo monga mwa mwambo ndinapita kukakhala kwawo kuti makolo ake aone ntchito ya manja anga. Ndinkagona kumphala, ndinkalima munda wa apongozi, ndipo ndinamanga kanyumba kumapeto kwa mudzi n'kukafolera bwinobwino. Chinatsala ndi kuzira ndi ukwati wa kutchalitchi.

Inu a nyumba za simenti mwina simukudziwa. Kumanga n'kwa mwamuna, koma kuzira n'kwa mkazi. Amakanda mtsiro ndi madzi, kuupaka pansi ndi pakhonde, kuusalaza ndi mwala, kenako makoma amawakongoletsa ndi dothi lamitundu. Ndipo mkazi sazira nyumba ya mwamuna wamba. Akagwada pakhonde pako mtsiro uli m'manja, mudzi wonse umadziwa kuti nkhani yatha, nyumba imeneyo ndi yake. Nasitaziya pa ntchito imeneyi analibe mnzake. Nyumba ya amayi ake inkaonekera patali, pansi katondo wofiira, pakati mzere woyera wa dothi la kudambo, pamwamba timadontho ta makala. Ankatha kuyenda mmawa wonse kukakumba dothi lachikasu m'mphepete mwa mtsinje, n'kubwera akuseka ngati watola ndalama.

Vuto linali amayi akewo. Mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana kumaso ndipo salankhulana, ukakumana nawo panjira umapatukira kutchire. Koma apongozi anga anali ndi zambiri zondiuza, ndiye anapeza njira yawo. Ankauza nkhokwe. Ine ndikudutsa ndi khasu paphewa, iwo ankatembenukira kunkhokwe n'kukweza mawu.

“Nkhokwe iwe, anthu ena mizere yawo imakhota ngati njoka yokhuta. Kaya tidzadya chiyani chaka chino.”

Nanenso ndinaphunzira kuyankhira khasu. “Khasu iwe, mawa tiwongole.”

Zinkayenda choncho. Koma mtima wawo unali pa telala wina wa ku Boma, mwamuna wa njinga ndi makina osokera, amene ankabwera m'mudzimo Loweruka lililonse ngati kuti mudzi wonse unang'ambikira zovala tsiku limodzi. Tsiku lina ndinamva nkhokwe ikuuzidwa kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo kuti mwana wa munthu sangadye nyimbo za m'tchalitchi. Ndiye itafika lole yolemba asilikali, ndinakwera. Sindinakwerere kulimba mtima ayi. Ndinkafuna kukabwera ndi katundu woti nkhokwe ija isowe chomva.

Ndinatsanzikana ndi Nasitaziya panjira ya kuchitsime, iye mtsuko uli pamutu.

“Ndikakubweretsere chiyani?” ndinamufunsa.

“Mukabwere ndi miyendo yonse iwiri.”

“Ndikunena za mphatso.”

Anayang'ana kanyumba kanga kaja, kali mbuu kosazira, n'kunena kuti, “Kaya kumeneko kuli dothi labwino, mukanditapireko.” Atatero anaseka mpaka madzi anakhavukira paphewa pake. Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Ine sindinafunse ngati akunena zoona, ndinangowasunga mawuwo.

Za pelete ndi za kusanza m'sitima ya pamadzi sindikamba, n'zosakoma. Tinakathera pa chisumbu chachikulu chotchedwa Madagasika, kufupi ndi tauni ya Majunga. Pamene gulu lathu linakhazikika kumeneko zoomberana zinali zitatha, ntchito yathu inali kulondera matumba a mpunga ndi kupha udzudzu. Mnzanga wapamtima anali Yotamu wa ku mishoni ya Tamanda, wamfupi, wodziwa Baibulo pamtima. Ankandiseka kuti ife Akatolika mawondo athu anaphwa ndi kugwada, ine ndinkamubwezera kuti iwo amalalikira mpaka mbuzi zigone. Koma tinkadyera mbale imodzi, ndipo akayamba nyimbo ya kwathu madzulo ndinkalandira ndine.

Pamsika wa m'tauniyo ndinagula nsalu ya apongozi. Inali yoyera mbee, yochindikala, yokhala ndi timizere m'mphepete, mtundu umene anthu a kumeneko amafunda pamapewa. Ndinaisankha tsiku lonse. Ndinkati nsalu iyi ikakafika, telala uja akaona polekera. Popeza kukampu kunali akamberembere otola chilichonse, sindinkaisiya m'chikwama. Ndinkaikulunga m'chiuno mkati mwa malaya, kutentha kusatentha (ndipo kunkatentha, abale, moti ndinatuluka zidzolo kuzungulira mimba yonse).

Lamlungu lina a Sajeni anatilola kukayenda. Mkulu wina woyendetsa ngolo ya ng'ombe, amene ankatibweretsera nsomba kukampu, anali atatiuza ndi manja kuti kumpoto kuli chinthu choti tikaone. Chinenero chake sitinkachimva, koma ankaloza kumeneko, n'kugwira malaya ake ofiira, n'kugwira chipewa chake choyera, n'kutambasula manja m'mwamba. Yotamu anati mwina ndi tchalitchi. Ine ndinati mwina ndi sitolo.

Ine ndi Yotamu tinatsata gombe, mchenga ukulowa m'jombo, nyanja yamchere ili kumanzere kwathu. Kenako kanjira kanapatukira kumtunda, kudutsa m'tchire la minga ndi migwalangwa, n'kulowa m'kamtsinje kouma. Tinayenda m'menemo tikukangana za mapemphero, mpaka tinakhota pena pake n'kungoima tonse awiri, mkangano n'kuthera m'kamwa.

Kutsogolo kwathu kunali maphompho aataliatali ozungulira ngati khola, ndipo khoma lake lonse linali mizeremizere. Pansi penipeni lofiira psuu, kuposa katondo wa kwathu. Pamwamba pake lachikasu, kenako loyera ngati ufa, kenako lofiirira ngati mkati mwa gwafa, ndipo mizere ina inkabwerezabwereza mpaka kumwamba. Mvula inali itasema khomalo m'timipata ndi timisonga, ndipo dzuwa likasuntha mitundu ija inkasintha pang'ono. Kumwamba kwenikweni, chapafupi ndi udzu, kunali mzere umodzi wopyapyala wa mtundu umene sindinauonepo pa dothi, wonga nthudza yakupsa. Ukatembenuka unkaona nyanja ili phee kumapeto kwa kamtsinje kaja.

Yotamu anavula chipewa. “Mnzanga,” anatero motsitsa mawu, “apa ndi pamene Mulungu anasamba m'manja atamaliza kulenga mbalame.”

Ine sindinaganize za Mulungu, andikhululukire. Ndinaganiza za Nasitaziya. Ndinamuona ataima pamenepo ndi lichero lake, pakamwa pali yasa, osadziwa kuti ayambire pati. Ndinamusowa kwambiri. Ndinakanda khomalo ndi chala, ndipo linali lofewa, mwala si mwala, dothi si dothi, ukalifikisa limasanduka fumbi losalala. Pomwepo mawu a panjira ya kuchitsime aja anabwerera m'khutu mwanga.

Chotengeramo ndinalibe. Chipewa chinali chaboma, matumba a kabudula anali obooka. Ndinamasula malaya n'kuyamba kuvundukula nsalu ija m'chiuno.

“Iwe, nsalu ya apongozi imeneyo,” anatero Yotamu.

“Dothi louma silidetsa nsalu. Ndikafika ndikangokutumula.”

“Ukanakhala wa kwathu ku Tamanda ndikanakupempherera. Koma poti ndiwe wa ansembe, kaulule wekha.”

Ndinayala nsalu pansi n'kuyamba kupala ndi mpeni. Lofiira ndinalimanga mfundo yake pangodya, lachikasu mfundo yake, loyera mfundo yake, lofiirira mfundo yake. Poyamba ndinkati pang'onopang'ono, koma ndikaganiza za kukula kwa khoma la kanyumba kaja ndinkamasula n'kuonjezera. Pomaliza mtolowo unali ngati mwana wa mbuzi. Munthu wanzeru akanasenza n'kubwerera. Koma maso anga anali kumwamba, pa mzere wonga nthudza uja.

Cha kumbali kunali kanjira ka mbuzi kokwera m'mphepete mwa phompho. Ndinamusiyira Yotamu mtolo n'kuyamba kukwera, jombo zili kumapazi (mbuzi sizivala jombo, ndipo zimadziwa chifukwa chake). Ndinadutsa lofiira, ndinadutsa lachikasu. Pa loyera kanjira kanachepa mpaka ndinayamba kuyenda chammbali, mimba itagunda khoma. Timiyala tinkagumuka pansi pa mapazi anga n'kumatsika tikulira.

“Tsika iwe,” Yotamu anaitana ali pansi. “Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.”

“Ndatsala pang'ono.”

Ndipo ndinalidi pafupi. Ndinaponda pa kamsonga kena, ndinanyanyamphira, ndinatambasula dzanja. Nsonga za zala zanga zinaukhudza mzere uja. Unali wozizira, mpaka lero ndimaumva kuzala kuno. Pomwepo kamsonga kaja kanati nyenyu, ine n'kuona thambo.

Sindinagwe kamodzi ngati munthu, ndinatsetsereka. Ndinadutsa mitundu yonse ija mobwerera, pena chagada, pena chafufumimba, pena mutu uli kutsogolo, fumbi lili koboo. Kabudula anatsalira pa lachikasu. Pa lofiira mwendo wamanzere unakodwa m'kampata, thupi linapitirira, bondo n'kulira ngati nkhuni yauwisi. Ndinakaima pa mapazi a Yotamu. Atandipukuta kumaso n'kuona kuti ndikupuma, anakhala pansi n'kuseka mpaka misozi. Ndinatambasula dzanja kuti ndione chimene ndagwira. Munalibe kanthu, ngakhale kafumbi ka nthudza kaja kanali katachoka ndi thukuta.

Amayi ena osenza madengu a nsomba anatipeza pamenepo. Sindinamve chinenero chawo, koma kuseka n'kumodzi dziko lonse. Ndiwo anakaitana mkulu wa ngolo uja, ndipo ndinalowa m'kampu nditagona pakati pa nsomba, chipewa chitaphimba pamene kabudula anayenera kuphimba. A Sajeni anandizungulira kawiri manja ali kumbuyo.

“Amene ndinamulola kukayenda anali msilikali,” anatero. “Bilimankhwe uyu mwamutenga kuti?”

Bondo silinabwererenso mwakale. Ndinagona kuchipatala nthawi yaitali, ndipo pomaliza anati msilikali wotsimphina alibe ntchito, abwerere kwawo. Mtolo uja Yotamu anausunga pansi pa bedi lake osauza munthu. Pondiperekeza kusitima anaulowetsa yekha m'chikwama changa, n'kundigwira dzanja nthawi yaitali. Iye anapitirira ndi gulu kumaiko ena akutali, ndipo sitinaonanenso. Ndikamva nyimbo imene ankaikonda ija, mpaka lero ndimasiya chimene ndikuchita.

Ulendo wobwerera unali wautali, sitima ya pamadzi, sitima ya pamtunda mpaka ku Lusaka, kenako lole. Anzanga obwerera nawo anali ndi mabulangete, mapoto, wina anali ndi galamafoni. Aliyense wonyamula chikwama changa ankabuula n'kufunsa kuti muli chiyani.

“Katundu wa kutsidya,” ndinkayankha monyada.

Titangowoloka Luangwa mvula inayamba. Loleyo inalibe tenti. Tinatitimira m'matope chakufupi ndi Nyimba n'kukhala pamenepo masiku, mvula osaleka. Chikwama changa, poti chinali cholemera kuposa zonse, anachiika pansi penipeni, pamene madzi ankasonkhana, ndipo mayi wina wonenepa wa nkhuku zake anachisandutsa mpando ulendo wonse. Titafika ku Boma ndinachigwira kunsi n'kumva kuti chafewa. Ndinaopa kutsegula. Ndinadziuza kuti mfundo ndinamanga zolimba, chanyowa ndi bulangete chabe.

Kumudzi ndinalandiridwa ndi nthungululu. Anthu anakhamukira pabwalo la apongozi, ena anasiya makasu m'munda. Nasitaziya anabwera kudzandipatsa moni atagwada, ndipo anayang'ana ndodo yanga, n'kuyang'ana bondo. Anali atakula, nkhope itadzaza, koma kaseko kaja kanali pomwepo pangodya ya pakamwa. Kanyumba kanga kanali chiimire kumapeto kwa mudzi, udzu utamera mpaka pakhomo, kosazirabe. Ndipo pansi pa mtengo wa mango panatsamira njinga. Telala uja analipo, atakhala pa mpando wa alendo, ndipo bulauzi imene apongozi anavala inali yosokedwa ndi makina.

Bambo wina amene anandisenzera chikwama kuchokera kumsewu anachitula pakati pa bwalo akupukuta thukuta. “Muli chuma umu,” analengeza. Ena anati ndi mchere, ena anati ndi makina osokera oposa a telala. Malume ake a Nasitaziya, amene anali mwini mbumba, anasendera pafupi. Apongozi anakhala pamphasa atandifulatira, nkhope kunkhokwe, koma khutu linali kuno.

Ndinamasula chingwe. Ndinatulutsa bulangete lonunkha chinyontho, ndinatulutsa kapu yachitsulo. Kenako ndinakoka mtolo uja ndi manja awiri n'kuuika pamphasa. Khasu ndinalibe, ndiye ndinalankhula ndi ndodo.

“Ndodo iwe, uza amayi kuti nsalu iyi ndi yawo. Zimene zili m'katimo ndi za Nasitaziya.”

Nsaluyo sinalinso yoyera. Inali mawangamawanga, apa pofiira, apa pachikasu, apa posadziwika. Mfundo zija zinali zitamasuka kalekale pansi pa mayi wa nkhuku uja. Nditafunyulula, pamphasa panagubuduka chibuma chimodzi chachikulu, chonyowa, chotuwa, chofanana ndendende ndi dothi limene mungakumbe kuseri kwa nyumba iliyonse kuyambira ku Mwami mpaka ku Petauke.

Malume aja anatswa kachidutswa, anakanunkhiza, anakalawa ndi nsonga ya lilime, n'kulavula.

“Dothi,” anatero.

“Inde, malume, koma si dothi wamba. Linali lofiira, lina lachikasu, lina loyera, lina ngati mkati mwa gwafa. Kuli phiri lonse la mizeremizere m'mphepete mwa nyanja.”

“Ndiye mwawoloka nyanja, mwapita ku nkhondo, kukatenga dothi?”

“Likanapanda kunyowa mukanaona nokha.”

Telala anakhosomola mwaulemu. “Achimwene, mukanandiuza. Kuseri kwanga ku Boma lilipo lambiri, ndikanakupatsani ulere.”

Pamenepo bwalo lonse linaphulika. Ana ankagubuduka pansi, amayi ankaombana m'manja. Ine thukuta linkatsika mpaka m'jombo. Phokoso litachepa, apongozi anakonza kukhosi.

“Nkhokwe iwe, ana a eni ake amapita ku nkhondo n'kubwera ndi njinga. Wathu wasiya mwendo kumeneko, wabwera ndi chulu. Nsalu yake ngakhale galu sangagonepo.”

Nasitaziya yekha sanaseke. Anasendera pafupi ali chigwadire, n'kuyika dzanja pa chibuma chija.

“Mwalisenza kuchokera kuti?” anafunsa motsitsa.

“Kuchisumbu. Unanena iwe.”

“Ine?”

“Panjira ya kuchitsime paja. Unati ndikakutapireko dothi labwino.”

Anagwira pakamwa. “Inetu ndinkangocheza.”

Abale, kugwa kuphompho kuja sikunapweteke ngati mawu amenewo. Ndinaona kuti zanga zathera pomwepa. Ndinayamba kubweza bulangete ndi kapu m'chikwama, ndikuganiza njira yachidule yopita kwa amayi anga yosadutsa pakati pa mudzi.

“Nanga mwendowo?” anafunsanso. “Ndi mfuti?”

Ndikanatha kunama, mudzi wonse unali wokonzeka kukhulupirira. Koma ankandiyang'ana m'maso. “Ndinagwa,” ndinatero. “Panali mtundu wina kumwamba, wonga nthudza. Ndinkafuna ndikutengere umenewonso. Sindinaupeze.”

Anaimirira, analowa m'khitchini, anatuluka ndi dengu. Ananyamula chibuma chija, anachiika m'dengumo, anasenza, dzanja lina anatenga mtsuko wa madzi. Anthu anamupatukira. Anayenda osacheuka mpaka kumapeto kwa mudzi, anazula udzu wa pakhomo pa kanyumba kanga, anagwada pakhonde, anathira madzi pa dothi lija n'kuyamba kukanda.

Apongozi anaiwala nkhokwe. “Nasitaziya, bwera kuno!”

“Amayi, likauma livuta,” anayankha ali chiweramire, dzanja likuyenda kale pakhoma.

Palibe anasekanso. Telala anaimirira, anasasa fumbi pa thalauza lake, anatsanzika malume okha n'kukankha njinga yake mpaka kumsewu osaikwera. Ine ndinangoima pomwepo, ndodo ili m'manja, m'maso muli misozi, ndipo sindinachite nayo manyazi. Patapita nthawi apongozi anapumira m'mwamba.

“Nkhokwe iwe, zitsiru zapezana. Uza malume ake akaonane ndi bambo mfumu kutchalitchi za ukwati.”

Dothi la ku Madagasika linakwana khoma la kumaso lokha, ndipo litauma linkaoneka ngati makoma ena onse a m'mudzimo. Mlendo sakanadziwa. Koma Nasitaziya ankauza aliyense wobwera kuti khoma ili linakwera sitima, ndipo ana ankabwera kudzaligwira.

Nsalu ija apongozi anapita nayo kumtsinje. Anaichapa ndi sopo, anaichapa ndi phulusa, anaimenyetsa pamwala mpaka manja anatupa, koma mawanga sanachoke. Anangofewa n'kulowererana, lofiira kulowa mu lachikasu, lachikasu kulowa mu lofiirira. Tsiku la ukwati wathu ndinadabwa kuwaona ataifunda. Amayi a midzi ina anawazungulira kunja kwa tchalitchi, akuigwiragwira n'kumafunsa kuti anaigula sitolo iti.

“Ya kutsidya la nyanja iyi,” ankayankha atakweza mphuno. “Kuno simungaipeze. Anabweretsa ndi mkamwini wanga.”

Kwa ine sanathokoze, ndipo sindinayembekezere. Koma chaka chimenecho ndinamva nkhokwe ikuuzidwa kuti mizere ya anthu ena yayamba kuwongoka. Nsaluyo anaifunda mpaka inathetheka, ndipo pomwalira anasiya mawu kuti awakulungiremo.

Chaka chilichonse tikakolola, ikafika nyengo yozira, Nasitaziya ankandikhazika pa mpando pabwalo n'kuti ndimuuzenso mmene mizere ija inasanjikirana. Ine ndinkatsinzina n'kuyamba kuchokera pansi, iye akupaka. Lofiira ankalipeza, lachikasu ankalipeza, loyera la kudambo linalipo, lofiirira anaphunzira kulipanga posakaniza katondo ndi loyera. Nyumba yathu inatchuka mpaka oyenda pansi opita ku Nyasalande ankaima kuiyang'ana. Koma wonga nthudza uja unamukanika. Anayesa makala ndi katondo, anayesa madzi a nthudza zenizeni, anayesa dothi la m'zulu za kutali. Ankapaka pang'ono paphale n'kubwera nalo.

“Ndi umenewu?”

“Watsala pang'ono.”

Chaka china ndinamumvera chisoni n'kunena kuti inde, ndi womwewo. Anandiyang'ana kumaso n'kutaya phalelo. “Musandinamize. Munaukhudza ndi inu, ine ndikudalira maso anu.” Kuyambira pamenepo ankasiya mzere wosapaka pamwamba pa khoma, m'munsi mwa denga. Anthu akafunsa chifukwa chake ankati pamenepo pali mwini wake, sanafike.

Nasitaziya anatisiya mzere uja usanapakidwe. Ine tsopano ndimakhala kwa mwana wathu wamkazi, m'nyumba ya simenti yopaka penti ya m'chitini, yosafuna dzanja la munthu. Mwanayu amadandaula pochapa, akuti matumba a jekete langa amakhala odzaza timiyala ndi dothi ngati a mwana wamng'ono. Ndikamapita kutchalitchi n'kuona pamene akumba ngalande kapena chimbudzi chatsopano, ndimaima, ndimatokosa ndi ndodo, ndimatola kachidutswa n'kukafikisa pachikhatho. Mtundu wonga nthudza uja sunapezekebe.

Adzukulu akamva nkhaniyi adzafuna phunziro, ndipo lilipo, n'lakuti mtsikana akalankhula akuseka uzifunsa kawiri, ndiponso dothi lisamakwere lole yopanda tenti. Koma kunena zoona ine sindinaphunzire. Atandikweza sitima lero n'kukanditula pansi pa phompho lija, ndi ndodo yangayi ndi bondo lomweli, ndingakwerenso. Ndingangovula jombo.